Mafunso ndi Mayankho a Pakhitchini: Mbuliwuli za Shuga ndi Mchere pa Mbaula

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mbuliwuli. Ena akufuna zoti ana azikukuta pakhomo akaweruka kusukulu, ena akufuna zokagulitsa pageti la sukulu kapena pamalo okwerera maminibasi a chapa. Tasankha mafunso amene akubwera mobwerezabwereza. M'mayankho onsewa tikati kapu tikunena ya mamililita 250, supuni yaikulu ndi ya mamililita 15, ndipo yaing'ono, ya tiyi ija, ndi ya mamililita 5.

Ndimafuna mbuliwuli zokhala ndi shuga ndi mchere pamodzi, zonga pipoka zomwe timagula tikapita kutauni. Koma ine ndikathira shuga m'poto amada bii, mbuliwuli n'kumawawa, chimanga china n'kutsala osaphulika. Ndimaphikira pa mbaula ya makala. Ndikulakwitsa pati? (Mayi wa ku Ulongwe)

Mayi, vuto lagona pa zinthu ziwiri: nthawi imene mukuthirira shuga, ndi ukali wa moto. Njere ya mbuliwuli imaphulika ikatentha kufika madigiri pafupifupi 180. Shuga amayamba kufiira pa madigiri 160, ndipo akangodutsa pang'ono pa 180 amada n'kuyamba kuwawa. Mpata wake ndi wochepa zedi. Mukathira shuga pachiyambi penipeni, amakhala pamoto mphindi zinayi kapena zisanu kudikira chimanga, ndipo pofika poti chithetheke iye wapserera kalekale. Shuga wopsererayo amamatanso njere pansi pa poto, ndiye sizitembenuka, zimapsa mbali imodzi osaphulika.

Tiyambe ndi mbaula. Makala ayake onse mpaka afiire n'kuchita kaphulusa koyera pamwamba, malawi asaoneke. Ayalanitseni kuti pasakhale mulu mbali imodzi. Ikani dzanja pamwamba pa makala, motalikira ngati kutalika kwa chikhatho chanu. Mukapirira masekondi anayi kapena asanu, moto uli bwino. Mukachotsa dzanja pa masekondi awiri, wachuluka: tsekani kachitseko ka mphepo ka mbaula, kapena wazani phulusa pang'ono pamakalapo.

Poto akhale wa malita anayi kapena asanu, wokhuthala pansi, wa zogwirira ndi chivundikiro chokwana bwino. Mapoto opyapyala a aluminiyamu amatentha kwambiri malo amodzi pamene khala lakhudza, ndipo pamenepo ndi pomwe shuga amayambira kupserera. Ngati muli ndi wopyapyala yekha, chepetsaninso moto ndipo musamutule pamakala nthawi yaitali.

Muyezo wa poto mmodzi ndi uwu: chimanga cha mbuliwuli theka la kapu, omwe ndi magalamu pafupifupi 100, mafuta ophikira masupuni aakulu atatu, shuga masupuni aakulu atatu, mchere wosinja theka la supuni yaing'ono. Zonsezi muyezeretu, beseni lachitsulo likhale pafupi, nsalu yogwirira ili m'manja. Chimanga chikayamba kuthetheka simudzapezanso mpata wofunafuna mchere.

Thirani mafuta m'poto, muponyemo njere zitatu zokha, n'kuvundikira. Zitatuzo zikaphulika ndiye kuti mafuta afika. Phulani poto, thirani chimanga chonse, gwedezani kuti njere iliyonse ilowe mafuta, ndipo muwerenge mpaka 30 poto ali pansi. Masekondi 30 amenewa musawanyalanyaze. Amathandiza kuti njere zonse zitenthe mofanana, ndiye zikabwerera pamoto zimaphulika pafupifupi nthawi imodzi, m'malo moti zoyamba zipserere podikira zotsiriza. Kenako wazani shuga pamwamba, takasani kamodzi ndi mthiko, vundikirani, bwezerani pamoto.

Kuchokera pamenepa manja asapume. Poto akhale pamakala masekondi atatu, mum'nyamule n'kumukhutchumula masekondi atatu, mum'bwezere, choncho choncho. Chivundikiro chigwireni ndi nsalu yochindikala, koma musiye kampata kakang'ono kumbali yakutali ndi nkhope yanu kuti nthunzi izituluka. Pasanathe mphindi imodzi mumva phu, phu, kenako phokoso losalekeza. Likayamba kuchepa, pakumapita sekondi imodzi kapena awiri pakati pa kuphulika kwina ndi kwina, phulani. Mbuliwuli za mchere wokha timadikira mpaka masekondi atatu, koma za shuga timaphula msanga. Kuli bwino kutaya njere khumi zosaphulika kusiyana ndi kuwawitsa poto yense.

Khuthulirani m'beseni nthawi yomweyo, chifukwa poto amakhala akupitiriza kuwotcha shuga ngakhale wachoka pamoto. Beseni lapulasitiki ayi, shuga wotentha amalisungunula. Wazani mchere shuga akadali womata, pepetani pang'ono, yalani, ndipo mudikire mphindi zisanu. Zikamazizira ndi pamene shuga amauma n'kumamveka kukutu kukutu. Zomatana muzilekanitse ndi manja zitazizira, osati zikadali zamoto.

Musapitirire masupuni anayi a shuga pa theka la kapu la chimanga. Wochuluka amadikha pansi ndipo palibe kugwedeza kumene kungam'pulumutse. Shuga wofiirira, amene ambiri timagula, amagwira ntchito ndithu koma amapserera msanga kuposa woyera ndipo mtundu wake umabisa kupsererako. Ndi iyeyo muzidalira mphuno. Fungo likangosintha kuchoka pa lokoma kupita pa la utsi, phulani osayang'ana kuti zatsala zingati.

Mwezi wa Ogasiti ndidagula makilogalamu asanu a chimanga cha mbuliwuli. Poyamba chinkaphulika bwinobwino, koma pano theka limatsala m'poto, china chimangong'ambika pang'ono. Chimanga chomwecho, poto yemweyo. Kodi chaonongeka, ndichitaye? (Bambo wa ku Matundo, mumzinda wa Tete)

Musachitaye msanga, bambo. Zikuoneka kuti chauma mopitirira.

Chimene chimaphulitsa njere ndi madzi amene ali m'kati mwake. Njere ya mbuliwuli ili ndi khungu lolimba losatulutsa mpweya, ndipo m'kati muli ufa wolimba wokhala ndi chinyezi cha magawo 13 kapena 14 pa 100 alionse. Ikatentha, madziwo amasanduka nthunzi yosowa potulukira. Nthunzi imafewetsa ufa, mphamvu yake n'kumakwera mpaka kuposa ya mpweya wa kunja kuno maulendo pafupifupi asanu ndi anayi. Khungu likalephera kupirira limang'ambika, ufa wofewawo n'kufufuma nthawi yomweyo n'kuuma. Ofufuza awiri a ku France adayesa zimenezi mu 2015 ndipo adapeza kuti pa madigiri 170 njere 34 zokha pa 100 zidaphulika, koma pa 180 zidaphulika 96. Chinyezi chikatsika kufika pa magawo 10 kapena kucheperapo, nthunzi imachepa, njere n'kumangong'ambika monga mwaoneramo.

Tete mumamudziwa nokha mmene amatenthera mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumadutsa madigiri 40. Chimanga chosungidwa m'thumba lotsegula, m'nyumba ya malata, chimataya chinyezi m'masabata ochepa.

Chibwezereni madzi motere. Tengani botolo lagalasi la lita imodzi lotseka bwino, thiranimo makapu atatu a chimanga ndi supuni yaikulu imodzi ya madzi aukhondo. Tsekani, khutchumulani mpaka madzi asaonekenso pansi. Tsiku loyamba muzikhutchumula pafupipafupi, kenako kawiri pa tsiku. Ikani pamalo ozizira amthunzi masiku atatu kapena anayi. Mukatero yesani njere 20 m'mafuta pang'ono. Zikaphulika 18 kapena kuposa, chachira. Zikakanabe, onjezerani theka la supuni ya madzi n'kudikiranso masiku awiri. Musachiviike m'madzi ngati mphale, ndipo musapitirize kuonjezera madzi kachitatu, chifukwa chimanga chonyowa chimachita chuku, ndipo chachuku nchosayenera kudya ngakhale chitaphulika bwanji.

Musanavutike ndi botolo, tapani chimanga m'manja muchiyang'anitsitse padzuwa. Mukaona timabowo kapena kaufa pansi pa thumba, anankafumbwe alowa. Njere yobooka singasunge nthunzi, ndiye ngakhale muipatse madzi siphulika. N'chimodzimodzi njere zosweka kapena zokalika khungu potonola ndi makina.

Moto wochepa kwambiri umabweretsanso vuto lofanana. Kunsonga kwa njere, kumene idalumikizana ndi chitsononkho, khungu silotseka kwenikweni. Njere ikamatentha pang'onopang'ono nthunzi imathawira kumeneko mpaka kutha. Ndiye ngati njere zitatu zoyesera zija zikutenga mphindi zoposa zinayi kuti ziphulike, kolezani moto.

Ulendo wina mukagula chambiri, chigaweni m'mabotolo kapena m'zigubu zotseka bwino tsiku lomwelo, muzitsegula chimodzi chimodzi.

Kwathu tili ndi chimanga chamakolo chodzaza nkhokwe. Bwanji icho sichiphulika ngati cha m'sitolo? Nanga ndingathe kudzala cha mbuliwuli m'munda mwathu? (Mnyamata wa ku Furancungo)

Achimwene, kusiyana kuli pa khungu ndi ufa. Chimanga cha nsima khungu lake limatulutsa nthunzi, ndipo ufa wake wambiri ndi wofewa. Mukachikazinga chimathetheka n'kung'ambika, china cholimba chamakolo chimatulutsa kaufa koyera pang'ono, koma kufufuma ayi. Cha mbuliwuli ndi mtundu wakewake, wa njere zazing'ono zolimba ngati mwala, ndipo ndi wakale kwambiri. Ku Peru adafukula zotsalira zake za zaka zoposa 6,000 zapitazo.

Kudzala n'kotheka ndithu, ndipo kumene chimanga chimachita bwino, monga kwanuko, ku Angonia ndi ku Tsangano, nachonso chimachita. Chisamaliro chake n'chimodzimodzi, kungoti mapesi ake ndi aafupi, zitsononkho zazing'ono, ndipo zokolola zimachepa poyerekeza ndi cha nsima. Chofunika kusamala ndi mungu. Mungu wa chimanga wamba ukagwera pa ndevu za mitundu ina ya mbuliwuli, mbewu imasakanikirana ndipo kaphulikidwe kamatsika, makamaka mukasunga njerezo kuti mudzadzalenso. Dzalani patali ndi minda ina, kapena musiyanitse nthawi yodzala ndi masabata atatu kuti ngayaye zisatulukire pamodzi. Njere za m'paketi za m'sitolo zambiri ndi za haibulidi. Zimamera, koma zobereka zake sizifanana ndi kholo, choncho yambani ndi mizere yochepa muone.

Chisiyeni chiumire pa phesi, mukakolola muchiyanike pamthunzi popita mphepo. Sabata iliyonse tonolani njere 20 muyese m'poto. Tsiku limene zaphulika pafupifupi zonse, zazikulu bwino, tonolani chonse ndi manja n'kutsekera m'zigubu. Mukachisiya chiziumabe chidutsa muyezo.

Chenjezo limodzi lalikulu. Mbewu yodzala ya m'masitolo a zaulimi, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala akupha. Siyodya, ngakhale mutaitsuka kangati.

Mchere sukakamira pa mbuliwuli zanga, wonse umatsikira pansi pa beseni. Komanso nthawi zina zimatuluka zolobodoka, zotamuka potafuna. (Mtsikana wa ku Moatize)

Achemwali, mchere wanu ndi wamiyala ikuluikulu. Mbuliwuli ndi zopepuka ndiponso zouma, mchere wolemera sungagwirepo. Usinjeni mu kamtondo kouma mpaka ukhale ngati ufa woyera, muusefe, n'kuusunga m'kabotolo kotseka. Gulani wa ayodini, ndipo muzisinja wochepa wokwana sabata imodzi kapena ziwiri. Wazani mbuliwuli zikangotuluka m'poto, mafuta akadali onyezimira pamwamba pake, dzanja lili m'mwamba ndithu kuti ufalikire, theka koyamba, mupepete, kenako theka linalo. Zikazizira mafuta amalowa m'kati ndipo mchere umasowa pogwira. Pa mbuliwuli za mchere wokha mukhoza kuthira mchere wosinjawo m'mafuta momwemo pamodzi ndi chimanga, umafalikira bwino kwambiri.

Kulobodoka ndi nthunzi. Njere iliyonse ikaphulika imatulutsa madzi ake, madziwo amasonkhana kunsi kwa chivundikiro n'kumadonthera pa mbuliwuli. Siyani kampata pachivundikiro, ndipo mukaphula vundukulani nthawi yomweyo, chivundikiro muchichotse chopendeketsa kuti madontho agwere kunja. Chinanso n'kudzazitsa poto. Njere zingokwana kuphimba pansi pa poto mzere umodzi, zisasanjikizane. Theka la kapu limatulutsa malita atatu kapena kuposerapo a mbuliwuli, ndiye poto wa malita awiri sangakwane. Zimapanikizana, zapansi n'kupserera, zapamwamba n'kunyowa.

Kodi ndingaphulitsire majarini m'malo mwa mafuta? Ana amakonda fungo lake. (Mayi wa ku Domwe)

Pophulitsira ayi, mayi. Majarini ndi batala zili ndi madzi ndi timkaka timene timapserera kutentha kusanafike pa madigiri 180 amene chimanga chimafuna. Phulitsani ndi mafuta a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza oyengedwa, amene amapirira kupitirira madigiri 200. Majarini musungunule padera supuni yaikulu imodzi, muwasiye abwate pang'ono mpaka thovu litachepa kuti madzi achoke, ndiye mudonthezere pa mbuliwuli mukupepeta. Zimenezi ndi zodya tsiku lomwelo, sizigona.

Ndimagulitsa mbuliwuli pafupi ndi malire. Anzanga amagulitsa zonyezimira, zofiira ndi zachikasu, ndipo makasitomala amathamangira zawo. Zanga ndikathira utoto zimanyowa. Komanso nthawi ya mvula zimafewa m'timapepala zisanagulidwe. Ndithandizeni. (Mayi wa geni ku Zobwe)

Mayi, zonyezimirazo siziphikidwa m'poto mmodzi ngati zomwe tafotokoza poyamba. Zimapangidwa kawiri: mumaphulitsa mbuliwuli zopanda kanthu, kenako mumaphika manyuchi a shuga padera n'kuzikuta. Njira imeneyi ndi imene tikukulimbikitsani pa geni, chifukwa shuga mumamuona ndi maso, ndipo akakanika mwataya shuga yekha, chimanga chili bwinobwino.

Phulitsani kaye theka la kapu la chimanga ndi mafuta masupuni awiri. Sankhani bwino, njere zosaphulika zonse zichoke, chifukwa zikamatirira m'shuga kasitomala saziona ndipo zimathyola dzino. Njira yachangu n'kupepeta m'lichero, zolemera zimatsalira pansi, inu n'kutapa zapamwamba ndi manja. Ikani m'beseni lachitsulo lalikulu lopakidwa timafuta.

Manyuchi ake: shuga woyera kapu imodzi, magalamu 200, madzi masupuni aakulu anayi, madzi a mandimu theka la supuni yaing'ono, majarini supuni yaikulu imodzi. Ikani pamoto wapakatikati, takasani mpaka shuga asungunuke, ndipo akangoyamba kubwata chotsani mthiko, musatakasenso. Kutakasa shuga wobwata kumamubwezera kukhala mchenga. Mandimuwo ntchito yake n'kuletsa zomwezo. Utoto wa zakudya, madontho atatu kapena anayi, muthire pano, m'manyuchi, madzi ake aphwere limodzi ndi enawo. Inu mumathira pa mbuliwuli zouma, n'chifukwa chake zimanyowa. Utoto ukhale wolembedwa kuti ndi wa zakudya, ndipo shuga akhale woyera, wofiirira amadetsa mtundu.

Manyuchi amapsa akafika madigiri pafupifupi 150. Popanda choyezera, ikani kapu ya madzi ozizira pafupi. Pakatha mphindi zisanu zakubwata, donthezani pang'ono m'madzimo. Dontho likasungunuka, akadali kutali. Likapanga kampira kofewa kokanyika ndi zala, sanafike, ndipo mukathira pamenepa mbuliwuli zidzamata m'manja ndi m'mano mpaka mawa. Likauma nthawi yomweyo n'kuthyoka kuti thyo mukalipinda, afika. Kuyesa ndi madziku n'kodalirika kuposa kuwerenga mphindi, chifukwa mbaula zimasiyana, komanso kumapiri madzi amabwata msanga. Ku Angonia amabwata pa madigiri pafupifupi 95, pamene m'chigwa cha Zambezi amafika pafupi ndi 100.

Phulani, thirani soda wophikira kota ya supuni yaing'ono, takasani msangamsanga. Manyuchi achita thovu n'kufufuma. Thovu limenelo limawapeputsa kuti ayenderere pa mbuliwuli mopyapyala komanso asalimbe ngati galasi. Soda akachuluka amamveka ngati sopo, choncho yezani. Thirani pa mbuliwuli mozungulira, sakanizani ndi mithiko iwiri yopakidwa mafuta, muli ndi mphindi imodzi yokha asanaume. Wazani mchere wosinja theka la supuni yaing'ono, yalani pa thireyi, zizizire.

Tsopano za kufewa. Shuga wouma amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale mpweya umakhala wodzaza madzi. Pali zolakwika ziwiri zotsutsana. Mukalongedza zikadali zofunda, nthunzi imatsekeredwa m'pepala n'kuzifewetsa. Mukazisiya poyera maola awiri, zimamwa chinyezi cha kunja. Dikirani mphindi 15 kapena 20, gwirani pakati pa mulu, kukakhala kozizira longedzani nthawi yomweyo. Timapepala tikhale tochindikala, ndipo kumata pakamwa pake ndi moto kumateteza kuposa kumanga mfundo. Pindani pakamwa pa pepala pamsana pa mpeni, muyendetse mofulumira pafupi ndi lawi la kandulo, kenako finyani pang'ono mumve ngati mpweya ukutuluka. Zomata bwino zimakhala masiku atatu kapena anayi. M'nyengo ya mvula pangani zokwana tsiku limodzi kapena awiri basi, ndipo pogulitsa zisakhale padzuwa, shuga amachita thukuta m'pepala.

Pa mtengo, kilogalamu imodzi ya chimanga imakupatsani mapoto khumi. Pa njira ya manyuchiyi mapoto khumiwo amadya shuga makilogalamu awiri ndi mafuta mamililita 300. Njira ya poto mmodzi imadya shuga wosakwana theka la kilogalamu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndiye zonyezimira sizingagulitsidwe mtengo wofanana ndi zinazo. Phatikizani ndalama za chimanga, shuga, mafuta, makala ndi timapepala, mugawe ndi chiwerengero cha timapaketi timene mwapeza. Muziyeza ndi kapu imodzi yomweyo polongedza, chifukwa dzanja limapereka mowolowa m'mawa ndipo mametikali, ndalama zathu, amathera pamenepo.

Ine ndili ndi matenda a kuthamanga magazi, amuna anga a shuga. Adzukulu akamadya timangoyang'ana. Palibe njira yoti nafenso tilaweko? Kuno tili ndi mapira ambiri. (Agogo a ku Chifunde)

Agogo, mbuliwuli pazokha ndi chimanga chathunthu ndi gaga wake, chovuta ndi zomwe timathirapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu asanu a mchere pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo. Ndiye tapani zanu mbuliwuli zisanathiridwe kanthu. Mafuta supuni imodzi amakwana pa theka la kapu la chimanga malinga ngati mukugwedeza osaleka. Pokometsa wazani ufa wa malambe wosefa bwino supuni imodzi zikadali zotentha, kapena katsabola kosinja. Kuwawasa kwa malambe kumadzutsa m'kamwa moti mchere suusowa kwenikweni. Kwa adzukulu, malambe omwewo osakaniza ndi shuga wosinja amakoma kwambiri pa mbuliwuli. Agogo aamuna akumbukire kuti ngakhale zopanda shuga ndi chimanga ndithu, adye kambale kamodzi, ndipo za muyezo wawo afunse kuchipatala kumene amalandira mankhwala.

Mapira amaphulika, koma timbuliwuli take ndi tating'ono ndipo ambiri amatsala. Sankhani olimba, ouma bwino, opetedwa. Thirani masupuni awiri okha pa ulendo umodzi m'poto wotentha kale wokhala ndi timafuta, gwedezani osaleka, ndipo pasanathe mphindi ziwiri phulani, chifukwa amapserera msanga kuposa chimanga. Shuga wa m'poto sagwirizana nawo. Ubwino wake alibe makoko olowa m'mano.

Mwana wanga wa zaka ziwiri amalirira mbuliwuli akaona akulu ake akudya. Ndizimupatsa? Komanso poto wanga wada ndi shuga wopserera, ndakwecha mpaka manja kuwawa. (Mayi wa ku Tsangano)

Musamupatse, mayi, ngakhale alire. Madokotala a ana amaletsa mbuliwuli kwa mwana wosakwana zaka zinayi. Mano ake otafunira sanakwane, ndipo kachidutswa kopepuka kapena khoko likhoza kukokedwa ndi mpweya n'kulowa kum'mero kwa mpweya, mwana n'kutsamwa. Akulu akewo muwauze asamugawire, adyere pamene iye palibe, ndipo musese njere zogwa pansi. Iye mupatseni nthochi kapena mbatata yofewa.

Pophika, ana onse atalikire mbaula. Shuga wosungunuka amatentha kuposa madzi obwata ndipo amamatirira pakhungu. Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo mosalekeza kwa mphindi 20, musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, ndipo bala likakhala lalikulu, lili kumaso kapena pa mwana, pitani kuchipatala. Mafuta akagwira moto m'poto, vundikirani n'kusiya chivundikirocho mpaka poto azizire. Madzi musathire, amamwaza moto.

Potoyo lekani kukwecha. Shuga wopserera amafewa n'kumatuka m'madzi otentha. Thirani madzi mpaka aphimbe pakudapo, onjezani soda supuni yaikulu imodzi, bwatitsani mphindi 10 kapena 15, n'kumapala pang'onopang'ono ndi mthiko. Pa poto wa aluminiyamu soda amadetsa chitsulo, ndiye m'malo mwake finyiranimo ndimu limodzi. Zikakanabe bwerezani kachiwiri. Mukatsuka muumitse bwino poto ndi chivundikiro chomwe musanaphulitsenso, chifukwa dontho la madzi m'mafuta otentha limathethekera kumaso.